Makeke a Nkhuyu ndi Mano a Malume

Mpaka lero ndikaona nkhuyu m'shopu ndimadutsa mothamanga, maso kumbali, ngati munthu amene wakumana ndi chibwenzi chakale. Nkhuyuzo sizinandilakwire kanthu. Ndinadzilakwira ndekha, ndipo tsokalo linagweranso anthu ena osalakwa, mmodzi mwa iwo mkulu wolemekezeka amene tsiku limenelo anadzuka bwinobwino, nasamba, navala jekete yake ya kutchalitchi, osadziwa kuti ine ndili m'njira.

Ine ndimaluka tsitsi. Saluni yathu ndi kontena yopaka utoto wapinki pafupi ndi renki ya matakisi ku Rustenburg, ndipo pa nkhani ya tsitsi musandiyese, manja angawa amadziwa ntchito. Koma za kukhitchini, tingoti ndimadziwa zokwanira kuti ndisafe ndi njala.

Ndiye pali Yohane, mnyamata wa ku Dedza amene amagwira ya kontirakiti kumgodi wa pulatinamu. Tinakondana mpaka kufika pogwirizana zomanga banja. Atawaimbira mayi ake kumudzi, iwo anangoti, "Akamuone kaye achimwene anga. Akavomera iwowo, ifenso tavomera." Achimwene awowo ndiwo a malume ake a Yohane, a Chikaonda, mtchona weniweni amene anachoka kumudzi ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka kupuma, nakwatira mayi wa Chitswana, namanga nyumba ku Bethanie. Kuno ku Joni, m'bale wamkulu wa Yohane ndi iwo okha basi. Tsogolo langa lonse linali m'kamwa mwawo. (Mawu amenewa ndikuwanena mwadala.)

Tikukonzekera ulendowo, Yohane anaphulika nkhani imene akanayenera kuimeza.

"Usadandaule kwambiri, koma a malume amati atsikana a m'masaluni ali ndi zikhadabo zazitali, sadziwa kugwira mthiko."

"Anatero?"

"Amangocheza."

Ndinayang'ana zikhadabo zanga. Zinali zobiriwira, zazitali, zina zili ndi timiyala tonyezimira. Pomwepo ndinalumbira mumtima kuti madalawo ndiwaonetsa. Mandasi ayi, aliyense amakazinga. Masikono ayi. Chikondamoyo ayi, angati ndi za kumudzi. Ndinkafuna chinthu choti akachiluma, akhale chete. Mulungu amamva mapemphero, abale anga, n'chifukwa chake muzisamala popempha.

Nzeru inabwera ndi kasitomala wina, mayi amene amagwira ntchito kukhitchini ya hotela ina ku Mogwase. Ndili mkati momuluka, anatulutsa m'chikwama kakeke kakang'ono, kunja kofiirira, pakati pali chinthu chakuda chonga jamu. Anandibenthulira. Nditalawa, ndinasiya kaye tsitsi lake.

"Izi ndi nkhuyu," anatero. "Alendo athu olemera amazikonda ndi tiyi. Ndi mankhwala okhaokha. Zimafewetsa m'mimba, zimalimbitsa mafupa, zimathandiza mtima, makamaka kwa achikulire."

Ine makutu anga anagwira za mafupa, za mtima ndi za achikulire. Choyambacho chinalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Chimene chinandidabwitsa n'choti nkhuyu zafika pokhala chakudya cha olemera. Kwathu ku Ntcheu nkhuyu tinkalimbirana ndi anyani ndi mbuzi. Unkatola pansi, kung'amba, kuuzira nyerere kuti zichoke, n'kuponya m'kamwa. Kodi kani tinkadya za kuhotela osadziwa?

Mayi uja anandifotokozera kaphikidwe kake. Anati ndi kophweka: nkhuyu zouma uziwiritsa mpaka zisanduke phala lolimba, ukanda ufa wa tirigu ndi majarini, shuga ndi mazira, uyala ufa pansi, phala pakati, ufa pamwamba, n'kulowetsa mu uvuni. Ndinkangogwedeza mutu ngati wodziwa. Sindinafunse miyezo. Munthu woluka tsitsi amayeza ndi maso.

Nkhuyu zouma ndinakazipeza ku Zinniaville, m'shopu momwe amagulitsamo Che Saidi, bambo wa ku Mangochi amene Amalawi tonse timamudziwa chifukwa ndi iye amakhala ndi usipa wouma ukafika. Nditaunjika mapaketi pakauntala, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achemwali, zonsezi? Kuli ukwati kapena sadaka?"

"Ukwati ukubwera, Che Saidi. Izi ndi zokonzera njira."

Anaseka mpaka kugwira kauntala. "Njira zimatsegula ndithu. Koma izi si mtedza, achemwali. Mumadya pang'ono n'kuzisiya."

Ndinatuluka ndikusangalala kuti ngakhale Che Saidi wavomereza kuti nkhuyu zimatsegula njira. Sindinafunse kuti njira yake iti.

Lamulungu la ulendo linafika. Ndinadzuka m'mawa, n'kubwereka kauvuni ka magetsi kwa mnzanga wa chipinda choyandikana nacho. Chitseko cha kauvuniko sichitsekeka chokha, umachita kutsamiritsa njerwa. Yohane anabwera kudzandithandiza, kutanthauza kuti anakhala pabedi n'kumandiuza mmene mayi ake amachitira.

Thireyi yoyamba inatuluka ngati munthu wa mitima iwiri: pansi yapsa ngati makala, pamwamba yaiwisi. Phala la nkhuyu linali lamadzimadzi, likuyenderera m'mbali. Kutaya sikukanatheka, tonse tinaleredwa ndi amayi amene amati chakudya sataya. Ndiye tinakhala pansi ndi masupuni, n'kukokota zapakati zonsezo, nkhuyu zokhazokha. Zinali zokoma, ndisaname. Yohane anamaliza thireyi, natembenukira ku paketi imene inali yotsegula, akutola imodziimodzi ngati chimanga chokazinga. Inenso sindinatsalire.

Pa thireyi yachiwiri ndinati phala lamadzi lisandichititsenso manyazi. Ndinathira shuga wambiri kuti ligwirane. Ndinaonjezera wina kuti ligwiranedi. Lili pamoto, magetsi anazima, monga mwa chizolowezi chawo akaona kuti munthu uli ndi chinthu chofunika. Ndinasamutsira poto pa pulayimasi, n'kumusiya akuwira uku ine ndikuchotsa zikhadabo zanga zobiriwira zija ndi kuyesa mipango yakumutu. Kusankha mpango woti uoneke ngati mkazi wa ulemu koma osati gogo kumatenga nthawi. Pamene ndinkakumbukira poto, phala linali lakuda bii, likunyezimira, ndipo mthiko unaima wokha pakati ngati mlongoti wa mbendera.

"Iwe, izi zakhala bwanji?" anafunsa Yohane, akulimbana ndi mthiko.

"Ndi mmene zimakhalira kuhotela."

Anyamata amene munakulira kumudzi, mukuudziwa ulimbo wogwirira mbalame. Ndi umenewo ndinaphika. Koma ukali wotentha unkayalika bwinobwino, ndipo magetsi atayaka, makekewo anatuluka okongola kwambiri moti ndinawajambula n'kutumizira anzanga onse a kusaluni. Ndinawadula akali ofunda, mpeni unkadutsa mosavuta. Sindinaganize zoti akazizira asintha mtima. Chikomekome cha nkhuyu, akuluakulu ananena kale, ine ndinangosintha zamkatimo.

M'takisi yopita ku Bethanie tinakhala kumbuyo kwenikweni, ine beseni la makeke pamiyendo, chitenje chatsopano, nkhope ya mwana wa abusa. Titadutsa milu ya dothi la kumigodi, ndinamva kanthu kakutembenuka m'mimba. Ndinati ndi mantha chabe. Takisi itadumpha chitunda cha pamsewu, kanthu kaja kanayankha. Nditacheuka, ndinaona Yohane thukuta lili kamukamu pamphumi, maso ali patsogolo ngati msilikali.

"Uli bwino?"

"Kukutentha," anayankha mano ali okukuta.

Munali mu Juni. Anthu onse m'takisimo anali atavala zipewa za ubweya.

Tinafika. Pageti anatilandira MmaLesego, akazi awo a malume, mayi wonenepa bwino wa maso oseka. Chichewa amachidziwa ndithu, kungoti amachiyankhula ngati akuchiimba. Anandikumbatira n'kunena kuti, "Dumela, makoti," ndiko kuti moni mtengwa, ndipo mtima wanga unakhalako pansi. M'mimba mokha ndi momwe simunamve moniyo.

A malume anali pakhonde, pampando wawo waukulu, jekete yakuda, nsapato zopukuta. Kukhoma kumbuyo kwawo kunapachikidwa chipewa chawo chakale cha kumgodi. Ndinagwada patali, n'kupereka moni ndi manja awiri. Anamwetulira, ndipo ndinachita chidwi ndi mano awo: oyera mbee, ofanana onse, opanda ndi limodzi lomwe lokhota. Ndinati mumtima, koma madalawa amadzisamala.

Kenako anayamba kuyankhula. Abale, munthu uja amayankhula. Anayambira ulendo wawo wochoka ku Dedza, nalowa mumgodi, natitsitsa pansi pa nthaka, natidziwitsa akapitawo onse amene anagwirapo nawo ntchito, amoyo ndi akufa omwe. Chichewa chawo ndi chakale, chokoma, koma apa ndi apo amaponyamo Chifanakalo cha kumgodi. Akafunsa funso amayankha okha. MmaLesego ankangodutsa ndi makapu, milomo yawo ikutsatira nkhaniyo mawu ndi mawu, chizindikiro choti anaimva kambirimbiri.

Tisanatuluke n'komwe mumgodimo, Yohane anadzuka.

"Malume, ndikaoneko nkhuku zanu kuseriku."

Yohane alibe nazo ntchito nkhuku. Ndinamuona akuyenda mwaulemu mpaka pakona ya nyumba, kenako ndinangomva mapazi, thi thi thi, ndi chitseko cha lata chikumenyetsedwa. Anandisiya ndekha pamphasa, mwamuna amene amati adzandisamala pa mtendere ndi pa mavuto.

Tiyi atafika, ndinati nthawi yanga ndi ino, ndichite zimene ndabwerera ndisanagonje. Ndinayala makeke pambale, n'kuyenda chogwada mpaka pa mapazi a malume.

"Yini lo?" anafunsa, akuwerama. "N'chiyani chimenechi, mwana wanga?"

"Makeke a nkhuyu, malume. Ndaphika ndekha." Mawu oti ndekhawo ndinawakweza pang'ono. Kenako ndinayamba kulalikira ngati wotsatsa malonda pa wailesi: nkhuyu zimalimbitsa mafupa, zimathandiza mtima, achikulire zimawabwezera unyamata, olemera a kuhotela sagona osadya. Ndikunena zonsezi m'mimba mwanga mukupota ngati wina akufinya chovala chochapa.

"Mushle!" anatero a malume, kusonyeza kuti zawakomera. "Ndimayesa ana a masiku ano mumangodziwa za mafoni." Anasankha yaikulu kuposa onse, ya pakona, imene inapsa bwino. Anaikweza m'mwamba ngati mlaliki. "Tamvera, mwana wanga. Banja ndi ngati mgodi. Ukamalowa, choyamba umayang'ana..."

Analuma.

Chimene umayang'ana choyamba ukamalowa mumgodi sindinachimve mpaka lero. Nsagwada za a malume zinayesa kutsika, zinakanika. Zinayesa kupita kumanzere, kenako kumanja. Maso awo anakula. Anagwira keke ija ndi dzanja limodzi n'kukoka pang'ono, osatheka. Anaonjezera dzanja lachiwiri. Ine ndili chogwada, mbale ili m'manja, ndikumwetulira ngati mkwatibwi wa pachithunzi. Anakoka mwamphamvu ya munthu amene anaswapo miyala moyo wake wonse, ndipo ndinamva kaphokoso, thapu!

Keke inatuluka. Mano onse a m'mwamba anatuluka nayo limodzi, atamira m'nkhuyu mpaka m'nkhama zake zapinki, akundisekerera.

Sindinadziwe kuti anali oikirira. Yohane sanandiuze. (Akuti iyenso sankadziwa. Akuti palibe ankadziwa kupatula MmaLesego ndi dokotala amene anawapanga.) Nkhope ya a malume inafota nthawi yomweyo, mlomo wa m'mwamba unalowa mkati, munthu anakalamba ndikumuona.

Tsono apa ndi pamene ndinaonetsa kuti ndinaleredwa bwino. Mutu utasokonezeka, thupi limachita zimene linaphunzitsidwa. Ndinatambasula mbale ija ndi manja awiri, mutu woweramitsa. A malume nawonso, posowa chochita, anaika keke ndi mano ake pambalepo. Ndipo ine, mwana wa mayi anga, ndinati:

"Zikomo kwambiri, malume."

Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso ngati la ketulo ikuwira. Anali MmaLesego, atatseka pakamwa ndi nsalu yopukutira mbale, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika.

Nthawi yomweyo m'mimba mwanga munabangula. Osati kulira kwa njala kuja ayi, koma kubangula koti galu amene anagona pafupi ndi khonde anadzutsa mutu. Ndinadziwa kuti zokambirana zatha. Ndinaika mbale pansi, n'kubwerera chambuyo mwaulemu mpaka pakona, kenako nanenso thi thi thi.

Chimbudzi cha lata chinali chotseka.

"Yohane, tuluka!"

"Sindingathe."

"Tuluka, ndikufa kuno!"

"Ineyo ndafa kale. A malume akuti bwanji za makeke?"

"Sakuyankhula."

"Zawakomera choncho?"

"Yohane, ndawazula mano a malume ako."

Kenako anati, ndi mawu a munthu wofooka, "Onse?"

Amene anandipulumutsa ndi MmaLesego. Anandigwira dzanja, akusekabe, n'kundilowetsa m'nyumba, m'chimbudzi chawo chamadzi chimene amasungira alendo olemekezeka. Ndinawathokoza mumtima mpaka pamene ndinazindikira kuti kawindo kake kali pamwamba penipeni pa mpando wa a malume, ndipo sikatsekeka. Ndinatsegula mpopi. Ndinatsokomola. Pomaliza ndinayamba nyimbo ya kwaya, mavesi onse. Zina zonse za m'menemo tizisiye, pali ana amene amawerenga.

Nditatuluka, wopepuka ngati nthenga ndiponso wopanda ulemu ndi umodzi womwe wotsala, ndinapeza MmaLesego kukhitchini ataviika mano aja m'kapu ya madzi otentha. Ulimbo unali utasungunuka, koma tinjere ta nkhuyu tinali titalowa m'mipata yonse. Ankayesa kutokosa ndi kamtengo ka machesi, koma maso awo ndi ofooka.

"Mma, ndipatseni," ndinatero.

M'chikwama mwanga simusowa chipeso chamchira, chija timagawira mizere ya tsitsi. Ndinachitsuka bwinobwino, n'kukhala pampando, n'kuyamba kuchotsa njere imodziimodzi, dzino ndi dzino, ngati ndikuluka mutu wa mkwatibwi. Ndinabwera kudzaonetsa kuti ndimadziwa kuphika, ndinathera kupesa mano a apongozi.

Tinawabweza pa sosala, titavundikira ndi kansalu. A malume anatembenukira kukhoma, nakonza zokonza zawo, natembenukanso ali munthu wakale uja. Yohane anali atabwerako kwa nkhuku zake, atakhala kumapeto kwa benchi, wotuwa ngati phulusa. Ine ndinagwada, maso pansi, ndikuganiza kale za mmene ndikawauzire mayi anga kuti ukwati uja wathera m'mbale.

A malume anatiyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa nsagwada kuyesa ngati zonse zili m'malo.

"Paja amati nkhuyu zodya ana zinapota akulu," anatero. "Koma lero ndaona zachilungamo. Zapota ana omwe anadyawo. Kungoti wamkulunso sanapulumuke."

Palibe anayerekeza kuseka kupatula MmaLesego.

"Mwana wanga," anapitiriza, akuloza mbale ya makeke, "ndagwira ntchito ndi simenti ya mitundu yonse pansi pa nthaka. Yolimba ngati iyi sindinaionepo. Tikanakhala nayo kale, denga la mgodi silikanagwa ndi tsiku limodzi lomwe." Anatembenukira kwa Yohane. "Iwe, mkazi uyu akakugwira, wakugwira. Aikona, palibe kuthawa. Ndiwaimbira achemwali anga kumudzi kuti ndamuona, ndipo ndavomera. Koma za manozi zithere pakhonde pompano. Mwamva?"

"Tamva, malume," tinayankha pamodzi.

(Ndikudziwa, ndaulula. Koma dzina lawo lenileni si Chikaonda, ndiye tinene kuti lonjezo ndasunga theka.)

Potiperekeza, MmaLesego anamusiya Yohane atsogole, n'kundikokera pambali pafupi ndi geti. Ndinati basi, tsopano ndilandira mwambo wa amayi. Anayang'ana kukhonde, natsitsa mawu.

"Makoti, makeke otsala aja usatenge, ndawabisa kale. Ndipo undiuze bwinobwino mmene unaphikira, shuga yense uja osachotsako. Chikwatiwire ine, bambo akowa sanakhalepo chete nthawi yaitali ngati lero. Ndinamva mbalame zikulira pakhomo panga."

Ndinawauza zonse, mpaka za kuiwala poto pamoto posankha mpango.

Mwina mukuyesa kuti ndinatengapo phunziro, ndipo ndinatengapodi: wogulitsa akaseka pokupatsa katundu, funsa chimene akuseka. Koma la kukhitchini lokha silinalowe. Ukwati wathu uli pafupi, ndipo ndaona pa foni keke ina ya nsanjika zitatu imene ikuoneka yosavuta n'komwe. Yohane wagwada, wandipempha, wati tikagule yopangapanga. A malume atumiza uthenga woti iwo adzadya mpunga wokha. MmaLesego okha ndi amene akundilimbikitsa, ndipo akuti chidutswa choyamba adzachipereka okha kwa amuna awo, nthawi ya malankhulidwe itangotsala pang'ono.